Kamunthu ka Padenga la Chigafa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga. Ine ndine mphunzitsi wa Fizikisi pa sekondale ina yoyendera kuseri kwa Nsaru, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za mantha amene anatsala pang'ono kundichotsa ntchito. Ndinkaopa mphenzi. Musaseke. Ndikudziwa kuti mphunzitsi wa sayansi woopa mphenzi ali ngati telala woopa singano, koma ndi mmene zinalili.

Amuna anga, bambo a Tadala, ankalima fodya. Tsiku lina masana, mvula ikubwera, mphepo inakanganula pulasitiki ya padenga la chigafa. Fodya anali atapachikidwa kale, ndiye anakwera kuti akamange msanga asananyowe. Ine ndinali m'kalasi. Ndinamva bingu limodzi lokha, louma, ana n'kukuwa kenako n'kuseka mmene amachitira, nanenso ndinaseka nawo. Posakhalitsa alamu anga anaima pakhomo la kalasi atanyowa, opanda nsapato, kudzandiuza kuti mphenzi yawomba amuna anga.

Imfa inandipweteka, koma chimene chinandidwalitsa ndi zomwe zinanenedwa pamaliro. Masiku angapo m'mbuyomo malemuwo anali atakangana ndi mphunzitsi mnzanga, a Mbewe, pa nkhani ya malire a dimba. Atapsa mtima, a Mbewe ananena mawu amene kwathu kuno munthu sanena: "Muona." Anthu anamva. Ndiye mtembo usanalowe m'manda, mudzi wonse unali utadziwa kale amene anatumiza mphenzi ija. Apongozi anga anakaombeza n'kubwera ndi dzina lomwelo. Mawindo a nyumba ya a Mbewe anaswedwa ndi miyala, ndipo teremu isanathe anapempha kusamutsidwa, napita cha ku Nambuma.

Buku ndinkalidziwa pamtima, komanso ndine wa kumpingo chiyambire ubwana, koma mawu aja ankalirabe m'makutu mwanga. Bwanji ananena, n'kuchitikadi? Mutu wa magetsi ukafika, choko chinkandipulumuka m'manja, ndiye ndinkangoudumpha. Mitambo ikangoda ndinkawerutsa ana n'kukadzitsekera m'chipinda cha mabuku nditagwira makutu. Ngakhale m'chipindamo ndinkaona alamu aja ataima pakhomo, madzi akutsika m'malaya mwawo. Ana a Folomu 4 anakalemba mayeso asanaphunzire magetsi, ndipo zotsatira zake zinandiulula.

Ahedi athu ndi munthu wofatsa, koma nawonso anali atatopa nane. Anandiuza kuti ku Namitete kuli maphunziro a aphunzitsi a sayansi ndi masamu, ndipite, ndipo ndikabwerako ndidzaphunzitse mutu uja. Zikakanikanso, kalasi apereka kwa wina n'kudziwitsa akuluakulu kuti ndalephera ntchito. Kuphunzitsa ndi ntchito yokhayo imene ndimaidziwa, ndipo ndi imene inkamudyetsa Tadala wanga. Ndinapemphera, koma mokwiya. Ndinati Ambuye, ngati simundichotsa manthawa, ndichotseni nokha pa ntchitoyi, ndatopa kubisalira ana.

Ku Namitete anatiphunzitsa kugwiritsa ntchito zoyeserera za pa intaneti, zimene ankazitcha masimuleshoni. Ndi zithunzi zoyenda zomwe umazikoka ndi mausi. Ukalumikiza batire ndi babu, babu limayaka. Ukachulutsa mabatire, waya amapsa, koma palibe wovulala. Kwa ife amene labu yathu ndi katoni ya mabotolo osweka, zinali zodabwitsa, ndipo a masamu ankakokakoka mizere ya magirafu ngati ana apeza chidole. Mayi amene ankatiphunzitsa anali ndi lamulo limodzi lomwe sankalekerera: usanadine batani, nena mokweza chimene ukuganiza kuti chichitika. Ankati tikachite chimodzimodzi ndi ana athu. Malaputopu anali ochepa, choncho anatikhazika awiriawiri potsata phunziro limene munthu amaphunzitsa. Wa Fizikisi amene anatsala wopanda mnzake, kupatula ine, anali a Mbewe.

Anali ataonda, kolala ya malaya ikuwalendewera m'khosi. Tinapatsana moni wa pakamwa chabe, ine n'kukokera mpando kumapeto kwa tebulo. Netiweki inkaduladula, ndiye nthawi yambiri tinkangoyang'ana kachizindikiro kozungulira pa sikirini, osayankhulana. Mumtima ndinafunsa kuti Mulungu, kodi yankho lanu ndi limeneli?

Kumapeto kwa maphunzirowo, awiri aliwonse anapatsidwa mutu woti akonze phunziro n'kuonetsa anzawo. Ife unatigwera wa magetsi a m'mitambo. Pa sikirini panabwera mtambo wakuda, tizizindikiro ta mainasi tikusonkhana kunsi kwake, ta pulasi tikusonkhana pansi panthaka. Pambali panali zinthu zoti tizikoka: mtengo, nyumba, shedi, ndi kamunthu. Kunja nako kunali kutada, madontho atayamba kugunda malata. Ndinaimirira kuti ndithawe.

"Madamu, khalani kaye, ndapota nanu," anatero a Mbewe motsitsa mawu. "Inenso mutu uwu sindinauphunzitsepo chichokereni kwanu kuja. Ana kumeneko amanditcha Amphenzi. Kukagunda bingu, anthu amayang'ana nyumba yanga."

Kenako anagwira mausi n'kundifunsa.

"Mundikhululukire funsoli, mayi. Kodi malemu anaima pati tsiku lija? Palibe anandiuzapo."

Inenso palibe anali atandifunsapo zimenezo. Aliyense ankafunsa kuti ndani anatumiza, osati kuti munthuyo anali pati. Ndinakhala pansi. Ndinawauza kuti chigafa chinali pachitunda, kumtunda kwa munda, ndipo mitengo yonse yozungulira anali ataidula kuti amangire chigafa chomwecho. Iwo ankakoka zinthu pa sikirini mmene ndinkanenera. Anachotsa mitengo, n'kukweza shedi pachitunda. Kamunthu kaja anandisiyira ine, ndipo ndinakaika padenga ndi dzanja langa.

Mayi wotiphunzitsa uja anadutsa kumbuyo kwathu, osadziwa kanthu, n'kufunsa mwansangala ngati tanena kale tisanadine. Ndinanena kuti mphenzi igwera pa munthuyo. A Mbewe anati nawonso akuona choncho. Ndinadina batani, ndipo inagwera pomwepo.

Ndinabwezera zonse pachiyambi n'kudinanso, inagweranso pomwepo. Ndinaika mtengo wautali chapatali ndithu, inasiya kamunthu n'kugwera mtengowo. Ndinatsitsa kamunthu n'kukalowetsa m'nyumba, inagwera shedi lopanda munthu. Laputopu ija sinkawadziwa a Mbewe. Za dimba sinkazidziwa, ndipo mawu aja sinawamve. Zomwe ndinakhala ndikulembera ana pabolodi zaka zonsezi ndinaziona ndi maso, ndipo ndinalira mokweza pakati pa aphunzitsi anzanga, kunja mabingu akugunda. Sindinagwire makutu.

A Mbewe ankapukuta maso ndi tayi. "Mawu aja anali a mkwiyo chabe, mayi. Ine ndilibe mphamvu pa mitambo."

Ndinawayankha kuti ndikudziwa, bambo, ndipo kanali koyamba kunena zimenezo mtima wanga ukuvomereza. Phunziro lathu tinalionetsa limodzi, iwo akugwira mausi, ine ndikuyankhula. Mawu ankandithawathawa, koma ndinafika kumapeto.

Nditabwerera kusukulu ndinaphunzitsa mutu uja ndi laputopu imene tinapatsidwa, ana ataunjikana mpaka pawindo, akukangana kuti igwera pati. Ahedi anaima kumbuyo, ndipo nkhani ya kwa akuluakulu sanaitchulenso. Alamu anga aja ndinawaitana Loweruka lina kuti adzaonere. Chaka chino chigafa amanga kumunsi, ndipo mvula ikamabwera salola munthu kukwera padenga. Apongozi akadali ndi maganizo awo, ndikuwapempherera. A Mbewe ndinakawaona ku Nambuma pamodzi ndi Tadala, ndipo tinadya nawo pakhonde anthu akuona.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya. Ndinamupempha kuti andichotse pa ntchito, Iye n'kundikhazika pa tebulo limodzi ndi munthu amene ndinkamuopa kuposa onse, ndipo tonse awiri tinachoka pamenepo titamasuka. Inu amene muli ndi chinthu chomwe mumachithawa tsiku ndi tsiku, musasiye kupemphera, ngakhale pempherolo likutuluka ndi mkwiyo. Ndipo akakukhazikani pamalo amene simukuwafuna, musafulumire kuimirira.

Sindinganame kuti zonse zinatha. Mitambo ikada mtima umagundabe, koma ndimakhala m'kalasi ndi ana anga mpaka mvula itadutsa. Pali chinthu chimodzi chokha chimene ana amadabwa nacho, ndipo sindinawafotokozerepo. Phunziro likatha, iwo amakonda kukasiya kamunthu kaja padenga. Ine ndisanatseke laputopu ndimakakoka pang'onopang'ono, n'kukatsitsa, n'kukalowetsa m'nyumba.