Ndinawamba Chelo cha Mdzukulu Wanga Padzuwa

Moni amayi anzanga a m'gulu la mapemphero, inu muli kuno ku Dubai ndi inu muli kumudzi. Ndine Nachisale wa ku Ntchisi. Cholembera sindinachigwirepo, ndiye ine ndikuyankhula, mwana wanga akulemba. Vuto limene ndikufuna kukuuzani silinachokere kwa mdani ayi, linachokera m'manja mwanga momwemu. Ndinatsala pang'ono kumulanda mdzukulu wanga mpando umene anauvutikira kuyambira ali wamng'ono.

Ndinabwera kuno kudzakhala ndi mwana wanga, namwino uja, ku Garhoud kumene ndege zimadutsa pamutu ngati akhwangwala. Mwana wake woyamba, Tamanda, ali ku yunivesite, ndipo amayimba chinthu chotchedwa chelo. Tangoganizani kaligo amene wakula mpaka kufika pachifuwa cha munthu, wa nsambo zinayi, womuyimika pansi pakati pa mawondo n'kumamukwecha ndi uta. Kusukulu kwawoko, kutentha kukayamba kuchepa amatsegula nyengo ya makonsati, mwezi uliwonse konsati yake, mpaka kutentha kudzabwerenso. Si za chigulu chachikulu ayi. Amakhala anayi okha pamipando, opanda wowayimbitsa, amangoyang'anana ndi kupumira limodzi. Chaka chino aphunzitsi anasankha Tamanda kukhala mmodzi wa anayiwo, ndipo chelo chimene ankayimbira chinali cha sukulu, chongomubwereka.

Tsiku lina m'mawa ndinamumva akudandaula kuti chelo chikulira mogontha, mawu sakutuluka bwino. Anachisiya m'chipinda n'kupita ku kalasi. Abale, ine kwathu ndinali woyimba ng'oma ya chimtali. Ng'oma ikagontha mankhwala ake timawadziwa: umaiwamba pamoto kapena padzuwa, chikopa chimakungika, ikalira ndi a tsidya omwe amamva. Ndinati chinthuchi chazizidwa ndi mphepo ya m'makina ija imene imawomba m'nyumba muno osapuma. Ndinachitulutsa m'bokosi mwake, ndinachinyamula ngati khanda, n'kukachigoneka pakhonde, padzuwa la kuno lija lopsereza ndi mapazi omwe. Ndinabwerera m'nyumba ndikung'ung'udza nyimbo, mtima uli mbee, ndikuti lero mwana ndamuthandiza.

Masana ndinangomva kuti thwa! Nditatuluka ndinapeza thabwa la pamimba litakanuka m'mbali, khosi litapendekeka, nsambo zili lende. Utoto wake wonyezimira uja unali utachita matuza.

Tamanda atafika anagwada pansi n'kumachisisita, osalira, osakalipa. Ndinamuuza zonse. Iye anangoti, "Palibe kanthu agogo, simunadziwe." Mawu amenewo anandilasa kuposa ndodo. Bola akanandilalatira. Kusukulu anakanena kuti anachisiya yekha pamalo otentha, kuti dzina langa lisamveke. Anamuuza kuti mmisiri wodziwa kukonza ali kutali, ntchitoyo itenga miyezi, ndipo zoyimbira zina zonse zili kale m'manja mwa ophunzira ena. Pa konsati yoyamba mpando wake anaupereka kwa mtsikana wina. Aphunzitsi ananenanso kuti akapanda kupeza choyimbira konsati yachiwiri isanayandikire, mtsikanayo apitiriza nyengo yonse, poti anayi aja sangazolowerane wina akumasowa.

Tsiku la konsati yoyambayo Tamanda anavala diresi lake lakuda lomwe anasokera tsikulo, n'kukakhala pakati pa oonerera, kuwombera m'manja anzake. Ine ndinadzitsekera m'chipinda. M'mawa ndinkaona zala zake zikuyenda zokha pamkono pake ngati zikusaka nsambo, ine n'kuthawira kubafa kukalira. Ndinapempha mwana wanga kuti andikweze ndege, nkhalamba yowononga ngati ine ikafere kwawo. Iye anakana, koma sanandiyang'ane m'maso. Pemphero langa masiku amenewo linali lalifupi: Ambuye, chilango chikhale changa, mwanayu mum'bwezere mpando wake.

Yankho linadzera mwa amake Mwaka, mnansi wathu wa ku Zambia, amene anandipeza maso atatupa. "Ambuya, khalasi, kulira kwakwana," anatero. "Misozi siimata mapulanga. Yalla, vwalani chitenge, tiyende kuli ba ticha."

Tinapita osamuuza Tamanda. Aphunzitsiwo ndi mayi wachizungu wa imvi, wowonda ngati bango. Nditawaona panja pa kalasi ndinagwada monga timachitira kwathu tikalakwa, ophunzira akudutsa n'kumandicheukira. Mayiwo anadzidzimuka, anayesa kundidzutsa, ndipo nditakana nawonso anagwada pomwepo, mawondo awo akulira ngati anga. Amake Mwaka ndiwo ankamasulira. Ndinati mwana uja ananama pofuna kubisa agogo ake, wolakwa ndine, ndipo ndinafotokoza za kawambidwe ka ng'oma. Kenako aphunzitsiwo anati iwo ankayesa Tamanda ndi mwana wosasamala, n'chifukwa chake anaumitsa mtima. Kunapezeka kuti ali ndi chelo chawochawo chimene anachoka nacho kwawo, chimene sanabwerekepo munthu chibwerereni kuno. Anati Tamanda achitenge, koma aziyimbira kusukulu konko, kunyumba chisapondeko. Ponena zimenezo anandiyang'ana cham'mbali, ndipo tonse atatu tinaseka, ine ndikuseka ndi misozi.

Konsati yachiwiri ndinapitako. Nyimbo zawozo zilibe mawu, ndipo anandichenjezeratu kuti akaima pang'ono ndisawombe m'manja chifukwa amakhala asanamalize. Ndinakhala manja nditawapanira m'chitenje, ndikuopa kuwononganso. Panafika pena pamene atatu aja anatsitsa mauta awo, chelo n'kumalira chokha, pansipansi ngati munthu wamkulu akudandaula. Ndinaona Tamanda atatsinzina, ataweramitsa mutu, ndipo m'holo monse munali zii. Ndinaganiza kuti mwezi wathawu anthu awa akanamva zomwezi pakanapanda ine, ndipo ndinalephera kudzutsa nkhope.

Pobwerera, tili kumbuyo kwa galimoto, Tamanda anandigwira dzanja. "Agogo, munandipweteka kwambiri. Tsiku lija ndinkafuna kukukalipirani mpaka mawu atandithera."

"Kalipa mwanawe," ndinatero. "Ndakhala ndikudikira."

Sanakalipe. Analira paphewa panga mpaka tinafika pakhomo, bulauzi yanga yonse inanyowa. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti wandikhululukiradi, osati za pakamwa zija.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero la nkhalamba yolakwa. Ndikuthokoza amake Mwaka amene anandikoka m'chipinda, ndi aphunzitsi aja amene dzina lawo lilime langa limalephera kulitchula. Konsati yoyamba ija sidzabweranso, ndipo chelo cha sukulu chikadali kwa mmisiri, zimenezo ndikuzisenzabe. Koma mpando ndi wa Tamanda mpaka nyengo ithe.

Tsono inu amene munalakwira wokondedwa wanu ndi manja ofuna kuthandiza, musafooke ndipo musabisale. Manyazi amakuuza kuti thawa, koma kuthawa sikubweza kanthu kwa amene wamulakwira. Pempherani, mukatero nyamukani mupite kumene kuli mlanduwo, ngakhale chinenero chakumeneko simuchidziwa. Ambuye amene anandiperekeza ine akakuperekezani nanunso. Ameni.