Oyilo Wakuda wa a Wallace

A Wallace, amene anakalambira pa chiwongolero cha mathiraki a pakati pa Dar ndi Lilongwe, anatsala ndi tsiku limodzi loti agulitse pikapu yawo yotopa ija, chifukwa akazi awo a Perpetua anali atatsogola kale ku Mponela, ndipo anasiya mawu oti bambo akafike ndi ndalama za malata mvula isanagwe, apo ayi azikagona m'pikapu momwemo. Wowathandiza pabwalo paja ku Temeke, mumzinda wa Dar, anali mlamu wawo a Ezekiel, telala woti ukamuuza kuti afupikitse buluku usachokepo, chifukwa ukapita kukamwa tiyi ukapeza kabudula.

"Alamu, taonani apa," anatero a Wallace, atasolola kandodo koyezera oyilo wa m'giyabokosi.

"Ndaona."

"Mwaona chiyani?"

"Kandodo."

"Kunsongaku, inu!"

"Oo. Kwada bii."

"Ndiye vuto lake. Dalali uja, Kheri, wandipezera wogula, abwera madzulo ano. Dzina akuti ndi Ridhiwani, nkhope sindiidziwa. Koma wogula aliyense wa galimoto yosintha yokha magiya amayambira pa kandodo kameneka. Akaona pofiira, amatulutsa ndalama. Akaona pakuda, amati haya mzee, chabwino madala, ndikuimbirani."

"Ndiye akuimbiranitu."

"Saimba! Ndi katsanzikidwe chabe."

A Ezekiel anapukusa mutu, kudabwa ndi anthu a m'tauni. "Ndiye tichotse wakudayu, tithire wofiira."

"Ayi, ayi, ayi! Oyilo ameneyu anabwera pa sitima kuchokera ku Japan limodzi ndi galimotoyi. Mita ya makilomita inatopa nkuleka kuwerenga, iye adakagwirabe ntchito. Giyabokosi yokalamba imagwirira pa litsiro lake lomwelo. Mukaitsuka, imatsetsereka, osayendanso."

"Ndiye tisamuchotse."

"Tisamuchotse."

"Koma akhale wofiira."

"Mwamva tsopano. Tithira wofiira pamwamba pokha, pomwe kandodoka kamafika. Wakuda akhale pansi azigwira ntchito, wofiira akhale pamwamba azilandira alendo."

A Ezekiel anayang'ana botolo, anayang'ana injini. "Nanga wofiirayo amuuza ndani kuti asatsike?"

"Gwirani fanulo, alamu."

Anathira. A Wallace analiza injini kuti oyilo atenthe, anaviika kandodo, nkukasolola monyadira ngati akuvuula chambo.

"Mwaona?"

"Ndaona. Ngati tiyi wopanda mkaka."

"Ndi kuwala kwa dzuwaku. Imani uku."

"Kuno ngati kahawa, khofi wakuda uja."

A Wallace anatulutsa mpweya ndi mphuno. Munthu amene anakwera phiri la Kitonga ndi thiraki yodzaza feteleza sangagonje kwa botolo la oyilo, ndipo mlamu akuonerera. Anayala katoni pansi, anatenga sipanala ndi beseni, nkukwawira kunsi kwa galimoto.

"Tichotsako pang'ono," mawu anatuluka pansipo.

"Munati tisamuchotse."

"Ndinanena zimenezo m'mawa."

"Kudakali m'mawa."

"Alamu, kodi mwabwera kudzandithandiza kapena kudzandiwerengera nthawi?"

Bawuti inamasuka. Oyilo anatuluka wakuda, wolemera, mpaka beseni linatsala pang'ono kusefukira, chifukwa bawuti ija inagwera momwemo ndipo a Wallace anaifufuza ndi dzanja akutchula mayina a anthu a ku Japan omwe sanawaonepo. Anatuluka mkono uli bii mpaka m'chigongono.

"Tengani uyu. Kamutayeni komwe ine sindidzamuonanso."

"Osadzamuonanso mpaka liti?"

"Mpaka kalekale! Wogula akamuona pano, malata a achemwali anu apita."

A Ezekiel ananyamula beseni mwaulemu, natuluka pageti. Sanachedwe. Anabwera beseni lili mbee, lopukuta ndi nyuzipepala.

"Mwafulumira bwanji?"

"Pabenchi la wogulitsa kahawa paja pali bambo wina wabwino mtima, ndiye..."

"Sindikufuna kumva. Chomwe sindikudziwa sindingachiname. Gwirani fanulo."

Anathira mabotolo atsopano. Injini inalira. Kandodo kanatuluka.

"Tsopano?"

"Ngati thobwa la mawere."

"Thobwa! Wakudayu akuchokeranso kuti?"

"Mwina anabisala. Akudziwa nyumbayi kuposa mlendo."

Apa a Ezekiel ananena zoona mosadziwa, chifukwa oyilo wambiri wa giyabokosi yotere amatsalira mkatikati, satuluka ulendo umodzi. Koma a Wallace anamva ngati oyiloyo akuwaderera. Anagonanso pakatoni.

"Pamene ndikumasula pano, tiyeni tiyeserere," anatero ali pansipo. "Ine ndine Ridhiwani. Ndikufunsa, shemeji, ndiye kuti alamu, galimoto iyi imagwira ntchito yanji?"

"Imanyamula mchenga ku Kigamboni, matumba a makala, nsomba, ndi tsiku lija ng'ombe."

"Ayi! Muziti imangopita kutchalitchi."

"Ng'ombe ija sinkapita kutchalitchi."

"Mchenga uja sunali womangira tchalitchi?"

"Ulendo umodzi."

"Ndiye nenani za ulendo umenewo!"

"Chabwino. Inapita kutchalitchi ulendo umodzi."

"Mayo ine. Tasiyani. Funso lina. Shemeji, kodi galimotoyi inavutapo?"

"Kupita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo?"

"Bwanji mukufunsa?"

"Chifukwa mayankho ake ndi osiyana. Kumbuyo imayamba yaganiza kaye."

"Imaganiza chifukwa ndi yaulemu! Alamu, mvetsani. Munthu akakufunsani, muzingonena zomwe mwaona ndi maso anu. Osawonjezera, osachotsera. Mwamva?"

"Zomwe ndaona ndi maso anga."

"Basi. Tengani beseni."

A Ezekiel anapita, ndipo ulendo uno anachedwako. Anabwera akutafuna kashata, kaswiti ka mtedza ndi shuga.

"Kashata mwamutenga kuti?"

"Bambo aja. Anandifunsa kuti..."

"Ndati sindikufuna kumva!"

"Koma ndi nkhani yoti..."

"Alamu, pakamwa panu pakhale kashata, pasakhale nkhani. Fanulo."

Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Mabotolo opanda kanthu anaunjikana pakhoma, beseni linatuluka pageti nkubwera, nkutulukanso. A Wallace malaya anali atavula, thukuta likuyenderera, nkhope ngati wowotcha makala. Pomaliza anasolola kandodo, nakakweza kumwamba.

"Nenani tsopano!"

"Kafiira."

"Ngati chiyani?"

"Ngati Sobo wa pa ukwati."

"Eyaa! Ameneyo ndiye malata, alamu. A Perpetua akagona osamva dontho. Tsegulani geti lonse, ndiitembenuze iyang'ane kumsewu, wogula aipeze ili chilili ngati mkwatibwi."

Anakwera, anaponda buleki, anakokera giya pa D, nkuponda moto. Injini inabangula mwamphamvu, nkhuku za aneba zinabalalika. Pikapu sinasunthe.

"Alamu, mwachotsa mwala kutayala?"

"Ndachotsa."

Anapondanso. Galimoto inanjenjemera, inasuntha pang'ono ngati ikufuna kuyetsemula, nkukhalanso phee.

"Ikuganiza," anatero a Ezekiel. "Kale inkaganiza kumbuyo kokha. Tsopano ikuganiza mbali zonse."

A Wallace anazimitsa injini. Manja adakali pachiwongolero, kunena zoona anachita mantha, chifukwa anaona nyumba ya ku Mponela ili yosafolera, mitambo ikusonkhana, a Perpetua ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Litsiro lija," ananong'ona. "Imagwirira pa litsiro lija."

"Munanena m'mawa."

"Nanga bwanji simunandiletse?"

"Munati ndigwire fanulo."

Foni inalira m'thumba la buluku. Anali Kheri, dalali uja. A Wallace anamvetsera, nkumangovomera kuti sawa, sawa, mawu akucheperachepera. Atadula anatsika m'galimoto pang'onopang'ono.

"Akuti Ridhiwani anafika kalekale. Akuti iye sagula galimoto pa nthawi yomwe wapangana, amalawirira kuti aone zomwe mwini wake akuchita asanafike. Akuti ali panja pano chiyambire m'mawa."

"Eya. Pabenchi la kahawa."

"Mwati chiyani?"

"Bambo abwino mtima aja. A kashata."

A Wallace anagwira chitseko cha galimoto. "Inu mumadziwa kuti ndi iyeyo?"

"Anandiuza dzina ulendo woyamba womwe. Ndinati ndikuuzeni, munati simukufuna kumva."

"Ndiye anakufunsani chiyani?"

"Anati, fundi, ndiye kuti mmisiri, oyilo uyu akuchokera m'galimoto iti? Ndinaloza."

"Munaloza!"

"Ndi zomwe ndinaona ndi maso anga. Sindinawonjezere, sindinachotsere. Za ng'ombe ndinanena, za tchalitchinso ndinanena, ulendo umodzi uja."

"Ambuye wanga. Ndiye anathawa?"

"Ayi, anakondwa. Anaviika chala, ananunkhiza, anatikita padzuwa. Akuti ndi wakuda koma sakununkha kupserera, mulibe tizitsulo. Akuti giyabokosi yotere ndi yokhulupirika, akanaigula lero lomwe osanenerera, bola mwini wake asaigwiregwire."

"Asaigwiregwire."

"Eya. Ndiye nditabwera ndi beseni lachiwiri anati pole sana, ndiye kuti pepani kwambiri. Lachitatu anandigulira kashata wina, akuti ndikulimbikira ntchito."

A Wallace anayenda kufika pakhoma, anabwerera, anayang'ana mabotolo aja. Kenaka nkhope inawala.

"Palibe chaonongeka! Timubwezeramo. Tichotsa wofiirayu, tithira wakuda yense mmene analiri. Munamutaya kuti? M'ngalande? Tikamuwola ndi supuni!"

"M'ngalande ayi, amaletsa. Bambo aja anali ndi chigubu choyera bwino mu bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu komwe anabwera nako. Tinathira limodzi, ine ndinagwira fanulo. Silinatayike ngakhale dontho."

"Alamu! Mwachita bwino! Kwa nthawi yoyamba chikwatirire ine kwanu, mwachita bwino!" A Wallace anawagwira mapewa, kuwasiyira zidindo ziwiri zakuda pa malaya oyera. "Ndiye akuti chiyani za galimoto?"

"Akuti aigulabe."

"Mwaona!"

"Akuti galimoto yosayenda ili ndi mtengo wake, wa yosayenda. Aikoka ndi chingwe, ikayendera kwawo, popeza mankhwala ake ali nawo kale m'chigubu."

Kumwetulira kuja kunazima. "Mtengo wa yosayenda sungafolere ngakhale khola la nkhunda! Oyilo ameneyo ndi wanga! Anabwera ndi galimoto yanga kuchokera ku Japan, wandidyetsa zaka zonsezi, oyilo wabwino ngati ameneyo simungamupeze mu Temeke muno! Thamangani, kamuuzeni kuti mwini wake akumufuna tsopano lino!"

A Ezekiel sanasunthe. Anayamba kupukuta beseni ndi nyuzipepala, mosamala, kuzungulira m'mbali.

"Alamu, ndati thamangani!"

"Sizitheka, alamu."

"Chifukwa?"

"Munati komwe simudzamuonanso mpaka kalekale. Ndiye ine ndinawalumbiritsa bambo aja pamaso pa wogulitsa kahawa kuti sadzakuonetsaninso, ndipo mmene ndawaonera, ndi munthu wosunga mawu ake."