Sewero la Mwandida

Pa siteji ya Kafue, chaka chimene fakitale inachotsa anthu ntchito, a Lastone anali kuyendayenda podikira minibasi ya ku Lusaka. Mayi wina wogulitsa nsomba za ku Chanyanya anatopa nako kuwaonerera.

"Batata, nkhalani pansi. Muzasiliza nsapato."

"Sindingakhale, mayi. Mwana wanga Mwandida afuna kutaya digiri."

"Ni mimba?"

"Ndi mabuku. Ku yunivesiti aphunzitsi ake amalemekeza wolemba wina wakunja, amene anasiya Chingelezi n'kuyamba kulemba nkhani ndi masewero m'chilankhulo cha amake. Tsono Mwandida walemba ntchito yake yomaliza m'Chinyanja, sewero la ife ochotsedwa ntchito. Oyesa mayeso ati alembenso m'Chingelezi, apo ayi alephera. Iye wakana, chonsecho nyumba yonse ikuyang'ana iye. Wolembayo anachisiya Chingelezi atakhuta kale."

"Imwe munaliwerenga?"

"Anatiwerengera. Amake, amene sanatsegulepo buku, anamudula pakati: 'Atate ako sanalire pa geti la fakitale, analirira kuseri kwa nyumba.' Mwana n'kukonza pomwepo. Ine ndinkayesa kuti palibe anandiona."

"Manje muyenda kumuuza chani?"

"Kuti amvere akuluakulu. Likakhala m'Chinyanja, tsiku lina adzalionetsa kwathu ku Nangongwe, ndipo aliyense adzamva."

"Batata, muyopa digiri olo muyopa Nangongwe?"

Kondakitala anakuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi.

"Basi yanu iyo, batata."

"Ipite, mayi. Ndidikira ina."