Chithunzithunzi Kumbuyo kwa Holo

Mpikisano wa kuyankhula pagulu wa ana asukulu utatha, bambo wina wovala jekete lomukulira anaima pa siteji ya basi. Mayi amene anaima pambali pake, mphunzitsi, analephera kuugwira mtima ndi chimwemwe.

"Mwamumva mtsikana wapambana uja, bambo? Ndi wa m'kalasi mwanga."

"Ndamumva."

"Pamene amati, 'Bambo anga ali ngati chithunzithunzi, amaoneka kukawala dzuwa, ikagwa mvula amasowa,' holo yonse inangoti zii!"

"Munamuphunzitsa ndinu zimenezo?"

"Ine ndinangomuuza kuti fanizo labwino limachokera pamene pakupweteka. Oweruza sakopeka ndi mfundo zokha ayi, umayenera kuwagwira pamtima."

"Nanga bambo akewo munawafunsa musanawavule pagulu?"

"Tikanawapeza kuti? Mwanayo akuti chiyambire bambo akewo sanapondepo pasukulu."

"Mwina lero anabwera. Mwina anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, anthu akuwomba m'manja."

"Mukudziwa bwanji, bambo? Kodi inu ndinu ndani?"

"Lero kwawala dzuwa, aphunzitsi. N'chifukwa chake mukundiona."