Phazi la Namukonda pa mlatho wa Lufita

Kale, mlatho uwu usanakalambe ngati ine, ndinali mmodzi wa anyamata oponda simenti pano pa Lufita. Inu a kabaza mukudandaula kuti atitsekera msewu, tikuzungulira kutali, koma ife tinkawoloka zovala zili pamutu, ndipo mtsinje ukadzaza wodwala ankadikira kutsidya mpaka madzi aphwe.

Tsiku lina mkazi wanga Namukonda, titangokwatirana kumene, anandibweretsera thobwa, lija kuno timati chindongwa, ndipo poti maso ake anali pa ine, osati pansi, anaponda konkire yaiwisi kumapeto kwa mlathowu. Musaseke, nanenso ndinali kamnyamata kooneka bwino! Ndinatenga thabwa kuti ndisalaze, koma kapitawo anati, "Zisiye, mlathowu wapondedwa ndi mwini wake." Phazi lija linauma momwemo, zala zonse kuoneka.

Namukonda anatisiya chaka cha mvula yambiri chija. Kumanda ndimapitako mwa apo ndi apo, chifukwa kuli dothi chabe, koma pano ndinkabwera m'mawa uliwonse, kuvula nsapato, n'kuika phazi langa m'phazi lake. Ndimamusowa, ana inu, sindibisa.

Ndiye mwezi wathawu ndinamva kuti akubwera kudzakonza mlatho, akuti zitsulo zachita dzimbiri ndipo konkire yang'ambika, aswa yonse yakale. Mtima unandipweteka. Ndinapita kwa injiniya wake, mtsikana wa ku Thyolo wovala chisoti choyera, woti nkukhala mdzukulu wanga.

"Monire, adada," anatero, Chitumbuka chake chopindika ngati chogwirira cha ambulera.

"Yewo, mama. Pali phazi la mkazi wanga apa. Simungalilambalale?"

Anagwada, naliyang'ana nthawi yaitali. "Adada, sindikunamizani. Mbali iyi yavunda, ndikaisiya tsiku lina idzagwetsa basi yodzaza anthu. Iyenera kuchoka."

Ndinabwerera kunyumba osatsanzika, ndikuti ana a masiku ano mitima yawo ndi ya simenti. Koma paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'mawa mwake ndinamva wilibala ikulira pabwalo, ndipo potuluka ndinapeza amuna awiri ali thukuta kamukamu, mtsikana uja ali pambuyo. Anali atacheka konkire ija bwinobwino ndi makina awo, phazi lili pakati, osathyoka ngakhale kachala.

"Tiliike pati, adada?"

Ndinaloza pakhomo. Mmodzi wa amuna aja analiika zala zitaloza kumsewu, monga linkalozera pa mlatho.

"Iyayi, mwana wanga," ndinatero, "litembenuze. Zala ziloze m'nyumba. Wayenda mokwanira ameneyu."

Choncho zungulirani ndithu, ana inu, asiyeni akonze, mlatho ndi wa amoyo. Koma mukamagumula chakale, muziyamba mwafunsa amene anapondapo. Ine ndapita, Namukonda akundidikira pakhomo.