Malata Amene Mphepo Inasiya

Ine, mwini wa chiphaso chomwe ndapereka pa kauntala, amene kwathu amangonditchula kuti Atelala, wa zaka 43, wokhala m'nyumba yomaliza pa msewu wopita kuchigayo, wosoka zovala, ndikunena izi:

Lachiwiri loyamba la mwezi uno, cha m'ma 3 koloko masana, kunagwa mvula yamkuntho. Ndinali pa makina pabalaza. Mphepo inasasula denga la kukhitchini ndi la chipinda cha apongozi anga. Malata a pabalaza ndi a kuchipinda kwathu anatsala. Apongozi sayenda chidwalireni sitiroko, choncho ndinawabereka n'kuwagoneka pabalaza.

Amuna anga amagwira ntchito kutali, amabwera pa tchuthi pokha. Nyumbayi ili pa inshuwalansi kudzera kuntchito kwawo. M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ya inshuwalansiyo. Mayi wa pa desiki anati, "Musakhudze ngakhale msomali mpaka woyendera wathu abwere." Nditafunsa tsiku, anati ndidzamva pa foni.

Foni sinalire. Ndinabwererako Lachisanu, anati woyendera watuluka. Lolemba anati galimoto ili kugalaja. Ndinafunditsa lona pamwamba, koma mphepo inkaliponya kwa aneba, ine n'kumakalitola. Ndowa ndi mabeseni ndinkangosuntha kutsatira podontha. Nsalu za makasitomala zinayamba kununkha chinyezi, eni ake anabwera kudzatenga.

Lachinayi la sabata imeneyo mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, anafika pa lole yoyera ndi amuna awiri ovala maovololo. Anati ndi akalipentala otumidwa ndi a inshuwalansi, ndipo iye ndi amene anakafulumizitsa nkhaniyo kudzera mwa mnzake wa kumeneko. Wamtali mwa awiriwo anati, "Amayi, denga lonseli lapindika. Tichotsa lero, latsopano lifika mawa." Ndinati a ku ofesi anandiletsa kukhudza. Mlamu anaseka n'kunena kuti, "Nanga mukukhudza ndinu, alamu?" Ndinawabwereka makwerero, ndinawaphikiranso tiyi.

Pofika madzulo anali atazula malata onse ndi matabwa ake n'kupakira mu lole. Misomali anaisiya m'chitini pakhonde. Ine ndi apongozi tinasamukira m'kashedi kosungira makala. Mawa lake sikunabwere munthu. Foni ya mlamu inali yozima. Neba wanga wogulitsa nkhuku anasuzumira pampanda n'kunena kuti tsopano tiziwerenga nyenyezi tili pabedi.

Lolemba lapitali woyendera weniweni anafika. Anazungulira nyumba, anajambula, ananyamula chitini chija n'kuchigwedeza. Anati kampani sinatume aliyense, ndipo mphepo sizula misomali n'kuilongedza m'chitini. Anati alemba kuti denga tinachotsa tokha, pokhapokha titabweretsa kalata ya kupolisi.

Dzulo ndinapita kwa mlamu. Mkazi wake anandiyankhira pawindo kuti watuluka. Ndinafika kudepoti, kenako kometera tsitsi komwe amakonda kukhala, kenako kumsika. Kuseri kwa msika kuli golosale yomwe wakhala akumanga. Ndinaipeza atafolera. Malata ake ndi obiriwira ngati athu, ndipo limodzi lili ndi bowo lomwe amuna anga anaboola podutsitsa waya wa sola. Mlamu anali pamwamba, akukhoma. Anatsika n'kunena kuti, "Musatenthe mutu, alamu. Inu akupatsani atsopano, awa akanangotayidwa."

Nditafika kunyumba amuna anga anaimba foni. Anati, "Zapachibale sizipita kupolisi. Dikira ndibwere pa tchuthi." Ndinawafunsa kuti nanga amayi awo adikirira pati. Foni inaduka.

Lero m'mawa ndinauza apongozi komwe ndikupita, ndipo ndinati neba aziwasuzumira. Anakana kutsala. Anati, "Onse awiriwo ndinabereka ndine. Ndinyamule, ndikanene ndekha." Ndawabweretsa pa ngolo ya neba, ali pa benchi panjapo. Ndikupempha kuti muwalembe msanga. Matiresi ndawasiya panja kuti aume, ndipo kumwamba kwayambanso kuda.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo ndavomera kuti ndi mawu anga.

Wonena: ______________________

Wapolisi wolemba: ______________________