Kabatire Kamene Ndinachotsa Ndekha

Monire mose, abale ndi alongo. Chitumbuka changa chathera pomwepo, musandiseke. Zaka zonse ndakhala ku Rumphi kuno lilime likukanabe, ndiye mundilole ndiyankhule Chichewa cha kwathu ku Dedza. Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Amen? Amen.

Ine ndine Mbewe. Ambiri a inu mumandidziwa nkhope yokha. Mumati, "Bambo uja wa pabenchi yakumbuyo, wotuluka anthu asanayambe kupatsana moni." Eya, ndine amene. Lero ndabwera kutsogolo. Ndili ndi mawu oti ndinene.

Ndinabwera kuno nthawi imene zipani zinali zitangochuluka. Boma linanditumiza kudzatayipa makalata kuofesi. Ndinabwera ndi mkazi wanga Esinati, mwana wathu Tadala ali kumsana. Sitinkadziwa munthu. Esinati akapita kumsika ankangoloza tomato ndi chala, amayi ogulitsa n'kumaseka. Akabwera kunyumba ankati, "Bambo a Tadala, kuno ine ndasanduka wosayankhula." Ankaseka ponena zimenezo, koma ndinkaona kuti zikumuwawa.

Tsiku lina ndinapita ku Mzuzu, ndipo pa kaunjika ndinapeza makina a gemu. Ana a lero simungawadziwe. Si za pafoni izi ayi. Anali makina olumikiza ku sikirini ya vidiyo, okhala ndi zowongolera ziwiri za nthambo. Gemu yake inkakhala m'kabokosi kapulasitiki, timati katiriji, kolowetsa pamwamba. Ikakana kuyaka, umaizula, n'kuuziramo mpweya, fuu, fuu, n'kuibwezera. Aliyense wa gemu zakale amadziwa kuuzira kumeneko. Ndinagula makinawo ndi katiriji imodzi yokha, ya njerwa zogwa kuchokera kumwamba, iwe n'kumazisanja zisanafike kudenga.

Ndinkati ndagulira ine. Ha! Sabata isanathe Esinati anali atandiposa. Ankasewera ataluma mlomo wam'munsi, thupi lonse likupendekera kumene njerwa ikupita. Ine ndikafa msanga ankati, "Mwamuna wotayipa kuofesi, zala zake zomwezi?" Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, tikadya, tinkakhala pamkeka awiriwiri mpaka dzuwa kupendeka. Tinalibe abale kuno. Tinalibe kopita. Tinali ndi njerwa zathu zogwa.

Tsono gemu ija inali ndi mndandanda wa akatswiri. Ukapambana kwambiri, inkakufunsa dzina, zilembo zitatu basi. Lamulungu lina Esinati anasewera mosaneneka. Nyemba zinapserera pamoto, iye osadzuka. Atamaliza analemba ndi chala chake: E, S, I. Dzina linakhala pamwamba penipeni. Ine ndinayesa zaka, abale, zaka, osalifika ngakhale pafupi.

Kenako Esinati anadwala. Sanadwale nthawi yaitali. Tinakamuika kwawo ku Dedza, ine n'kubwerera kuno chifukwa cha ntchito. Tadala anali atakula, ali kusukulu ku Blantyre, ndipo anakwatiwa komweko. Ndinatsegula chitseko cha nyumba, zii. Zovala zake abale ake anagawana, monga mwa mwambo. Chithunzi chathu cha ukwati chinali chitadyedwa kale ndi chiswe. Manda ali kutali. Chimene chinatsala ndi duku imodzi, ndi zilembo zitatu zija zimene analemba yekha.

Ndinakulunga chowongolera chake m'duku ija, n'kuika m'kabati. Lamulungu lililonse masana ndinkayatsa makina. Sindinkasewera ayi. Ndinkangodikira mndandanda utuluke, ndione ESI pamwamba, ndizimitse. Mlungu wotsatira chimodzimodzi. Mlungu wina chimodzimodzi.

Nditapuma pantchito ndinayamba kutola makina akale. Ofesi ikataya kompyuta yakale, ija ya madisiki, ine ndanyamula panjinga. Munthu akataya gemu yakufa, ine ndatola. Ndinkazitsegula, kupukuta fumbi, kuwotcherera timawaya, mpaka ziyake. Ikayaka ndinkasangalala mphindi ziwiri, kenako ndikuyang'ana uku ndi uku, palibe womuonetsa. Pabalaza panadzaza. Mipando ya alendo inakhala mashelefu. Amayi a mvano akabwera kudzandiona, ndinkamva "Odi!" koma ndinkakhala duu m'nyumba mpaka atopa. Amayi, ena a inu muli pompano. Ndinkakhalamo. Mundikhululukire.

Pafoni ndinalowa m'gulu la anthu okonda gemu zakale, a kutali, sindinawaonepo. Sindinkalembamo kanthu, ndinkangowerenga. Tsiku lina wina analemba kuti m'katiriji muli kabatire kakang'ono, kozungulira ngati batani la jekete, ndipo ndi kamene kamasunga mayina. Kakatha mphamvu, mayina onse amafufutika. Ndinawerenga kawiri. Ndinawerengera zaka za katiriji yanga. Abale anga, kuyambira tsiku limenelo ndinkayatsa makina ndi mantha. Kodi lero dzina lilipo? Kodi lero lilipo?

Tsono muli munthu mumpingo muno, a Gondwe, akhala apo avala jekete yotuwa. Musabise nkhope, a Gondwe, ndikutchulani basi. Iwowa ankakonza mawailesi ku Henga zaka zambiri, ndipo nawonso ali ndi matenda omwewa a makina akale. Anandionapo nditanyamula kompyuta panjinga, n'kundiimitsa. "Monire adada! Imeneyo ndi ya madisiki aakulu aja? Ine ndili nayo inzake, tidzaonetsane." Ine ndinangoti, "Tidzaona," n'kupalasa njinga. Anayesa kangapo. Ine yankho lomwelo.

Tsiku limene ndinapita kukagula kabatire katsopano, ndinawapeza m'sitolo momwemo. Anayang'ana kabatire, anayang'ana mtovu wowotcherera m'dzanja langa, n'kudziwa.

"A Mbewe, mukufuna kusintha batire la katiriji?"

Ndinati, "Eya."

"Muli zinthu zofunika m'menemo?"

Ndinati, "Zilimo."

Anandigwira mkono. "Ndiye mverani, adada. Ntchito imeneyo ndi ya manja anayi. Wina agwire mawaya a batire lothandizira kuti moto usaduke ngakhale pang'ono, wina achotse lakale n'kuwotcherera latsopano. Moto ukangoduka kamodzi, zonse zapita. Ndibwere Loweruka?"

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Manja ndili nawo awiri, ndipo akhala akundikwanira." Ndinanena mwamwano ndithu. Sindinkafuna munthu alowe m'nyumba mwanga aone mmene ndikukhalira. Sindinkafuna dzanja la munthu wina likhudze chinthu cha Esinati. A Gondwe anangoti, "Yewo, adada," n'kundisiya.

Loweruka m'mawa ndinayala nsalu patebulo. Ndinatsegula katiriji. Batire lothandizira ndinaliika pambali, waya wina ndinaumata ndi selotepi, wina ndinaupana ndi chopanira zovala. Ndinati, taonani, a Gondwe achiwiri ndi awa. Ndinatenthetsa chitsulo chowotcherera. Ndinachotsa kabatire kakale bwinobwino. Potembenuka kuti nditenge katsopano, chigongono chinagunda chopanira chija. Chinadumpha, thapu, n'kugwera pansi. Waya unalekana.

Ndinaubwezera msangamsanga. Ndinadziuza kuti sikunachedwe, kunali kuphethira kwa diso chabe. Ndinawotcherera, kutseka, kuuzira, fuu, fuu, kulowetsa, kuyatsa. Nyimbo ya gemu inalira monga mwa masiku onse. Mndandanda unatuluka.

Mbee. Mizere yokhayokha, yopanda dzina.

Ndinazimitsa, ndinayatsanso. Ndinauzira mpaka kumva chizungulire. Ndinayatsanso. Palibe. Mayo ine! Abale ndi alongo, ndinalira. Pamaliro ku Dedza sindinalire chonchija, pajatu panali anthu ondiyang'ana. Apa ndinagwa pansi pakati pa makompyuta akufa, bambo wa imvi, kulira mokweza ngati mwana. Ndinati, "Mulungu, munanditengera kamodzi, sizinakwane?" Koma ndikunena choncho ndinkadziwa. Si Mulungu anagunda chopanira. Kabatire kakale kanali kakugwirabe ntchito. Ndinamufufuta ndekha, ndi manja anga awiri okwanira aja.

Milungu itatu sindinabwere kuno. Makatani osatsegula. Ndinkadya tiyi ndi chinangwa, tsiku lina osadya. Tadala akaimba foni ndinkati, "Ndili bwino, mwanangu, netiweki ikuvuta," n'kudula. Lamulungu masana likakwana ndinalibe choyatsa. Ndinkangokhala pamkeka, kumvera njinga zamoto zikudutsa kumsewu. Kupemphera ndinasiya. Ndinkaona ngati ndikafa m'nyumbamo, anthu adzadziwa ndi fungo.

Lamulungu lachitatu, cha m'ma thuu koloko, ndinamva, "Odi! Odi kuno!" A Gondwe. Ndinakhala duu monga mwa chizolowezi changa. Ndinamva akukoka njerwa pakhonde n'kukhalapo. Kenako anati, "A Mbewe, njinga yanu ili apa, nsapato zanu zili apa. Ine sindichoka. Ndabwera ndi nthochi zanga, njala sindiiopa." Ndinati atopa awa. Ola lathunthu linatha. Ndinkamva akusenda nthochi, akuimba chapansipansi. Munthu wamakani ngati ameneyu sindinamuonepo. Ndinatsegula.

Analowa, anayang'ana pabalaza, n'kugwira pakamwa. "Ehee! Chuma chonsechi munthu mmodzi?" Kenako anaona katiriji patebulo, ndi chopanira zovala chili pansi pomwe chinagwera. Anatola chopaniracho, n'kuchiyang'ana. Ndinadikira kuti anene kuti ndinakuuzani. Sananene. Anachotsa kompyuta pampando, n'kukhala.

"Munali chiyani m'menemu, adada?"

Ndinati, "Dzina la mkazi wanga."

Anaika chopanira chija patebulo. Kenako anafunsa, "Amamawo ankasewera bwanji?"

Abale anga, funso limeneli palibe anandifunsapo. Anthu ankandifunsa kuti anadwala chiyani, anamwalira liti. Koma kuti ankasewera bwanji? Pakamwa panga panatseguka. Ndinawauza za kuluma mlomo. Za kupendekera. Za nyemba zopserera. Za kuloza tomato kumsika. Ndinaseka, ndinalira, ndinasekanso. Ndili mkati moyankhula ndinazindikira kuti zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanatchule dzina lakuti Esinati mokweza. Ndinkaliona pasikirini mlungu uliwonse, koma pakamwa panga linali lisanatuluke.

A Gondwe anati, "Tipemphere." Anapemphera m'Chitumbuka. Ndinamva mawu ochepa okha, koma dzina la Esinati ndinalimva katatu. Munthu amene sanamuonepo, akumutchula pamaso pa Mulungu m'nyumba mwanga. Chinthu cholemera chimene chinali pachifuwa panga chinasuntha. Aleluya!

Atati amen, anayang'ana makina. "Chowongolera chinzake chili kuti? Makina awa ndi a anthu awiri."

Ndinaima nthawi yaitali patsogolo pa kabati. Kenako ndinatulutsa duku, ndinamasula, ndinawapatsa.

Ndinene zoona pamaso pa mpingo: a Gondwe sadziwa kusewera. Mawailesi amatha, koma njerwa ayi. Anaunjika zinthu ngati katundu wa pa lole yogubuduzika. Mphindi zitatu, afa. Koma pajatu mndandanda unali wopanda kanthu, ndiye ngakhale kusewera koipa kumeneko kunawaika pamwamba. Gemu inawafunsa dzina. Ine mtima unandipweteka, ndinati basi, pamalo pa Esinati pakhala GON. Ndinayang'ana kumbali.

Ndinamva akuti, "Adada, zilembo za amama zinali ziti?"

Ndinawauza. Anadina pang'onopang'ono ndi chala chawo chachikulu chija. E. S. I. Anaika chowongolera pansi n'kuti, "Malo awa ali ndi mwini wake. Ife tizingowasungira."

Abale ndi alongo, sindikunamizani kuti chozizwitsa chinachitika m'katiriji. Zimene Esinati analemba ndi chala chake zinapita, sizidzabweranso. Masiku ena ndimadzuka nyumba ili zii, ndipo zimawawabe. Koma Mulungu amene ndinamukalipira ndili pansi anandiyankha. Sananditumizire mngelo. Ananditumizira mkulu wamakani ndi phava la nthochi.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaimbira Tadala. Ndinamuuza zonse. Analira, n'kuti, "Bambo, ine ndinkaganiza kuti simufuna tizitchula amayi." Taonani zimene kukhala chete kwanga kunachita kwa mwana wanga. Tsopano timayankhula Lamulungu lililonse, ndipo netiweki yasiya kuvuta.

Masiku ano Loweruka masana kwanga kumakhala anthu. A Gondwe amabwera. Kuli mphunzitsi wina amatsika kuchokera ku Livingstonia ndi kompyuta yake ya madisiki. Kuli mayi wina wa ku Chiweta, namwino wopuma, amene amatigonjetsa tonse mopanda chisoni. Mipando ndinaichotsa makina, anthu akukhalapo. Timauzira makatiriji, timakangana, timamwa tiyi, tisanabalalike timapemphera. Ndipo tili ndi lamulo limodzi: aliyense wofika pamwamba pa njerwa zija salemba dzina lake. Mayi wa ku Chiweta uja walemba ESI kasanu tsopano, ndipo ulendo uliwonse amandiuza kuti ndimufotokozerenso za nyemba zija.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope nane. Ndikuthokoza amayi a mvano amene munagogoda osayankhidwa, bweraninso, ndidzatsegula. A Gondwe, yewo chomene. Mwamva, Chitumbuka chikubwera pang'onopang'ono.

Kabatire katsopano kaja nakonso kadzatha tsiku lina, ndikudziwa. Ndinagula kale kena, kali m'kabati pafupi ndi duku. Tsiku losintha likadzafika, Ambuye akatisunga, a Gondwe adzagwira mawaya, ine ndidzawotcherera. Chopanira chija ndinachibwezera kuchingwe cha zovala.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.